Pamsewu wa N4: Galimoto Yahayala Ikawonongeka, Alipira Ndani?

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Maputo pali mtunda wa makilomita oposa 500. Msewu wa N12 umachoka kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo n'kukalumikizana ndi wa N4 ku eMalahleni. Kuchoka apo msewu umadutsa m'minda ya chimanga ndi migodi ya malasha, umatsikira ku Mbombela, kenako n'kufika ku Komatipoort, kwa nzimbe ndi nthochi. Alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a magulu a alimi amene amapita kukaona ulimi wothirira m'chigawo cha Mpumalanga nthawi zambiri amatenga galimoto yahayala pabwalo la ndege. Pepala limene amasaina pamenepo ndilo limanena amene adzalipire galimotoyo ikawonongeka.

Ku South Africa, makampani obwereketsa galimoto amagulitsa chitetezo chotchedwa waiver. Ichi si inshuwalansi yathunthu ayi. Ndi lonjezo lakuti galimoto ikachita ngozi kapena ikabedwa, kampani sidzalipiritsa wobwereka mtengo wonse, koma gawo lotchedwa excess. Chitetezochi chimakhala cha mitundu iwiri. Chotsika mtengo chimasiyira wobwereka gawo lalikulu, pamene chokwera mtengo chimachepetsa gawolo. Kampani imagwiranso ndalama yachikole pa khadi la kubanki mpaka galimoto itabwezedwa. Kwa bungwe laling'ono lodalira thandizo, kulipira chitetezo chokwererapo tsiku lililonse n'kwanzeru kusiyana ndi kudzasowa pogwira ndalama ya ntchito ya mwezi wathunthu itapita pa chitseko chimodzi chophwanyika. Ena amagula inshuwalansi yapaulendo yobweza excess, koma iyi imafuna kuti munthu ayambe walipira yekha, n'kudzaitanitsa ndalama yake pambuyo pake ndi malisiti.

Dera loyamba la ulendowu ndi lokwera, ndipo m'nyengo yamvula kumagwa matalala otha kuboola magalasi ndi kupinda denga la galimoto. Makampani ambiri saika matalala, matayala ndi galasi lakutsogolo m'chitetezo chawamba. Izi zimagulidwa padera. Msewu wa N4 ndi wa phula labwino ndipo uli ndi zipata zolipiritsa, koma malole onyamula malasha ndi katundu wopita kudoko la Maputo amatha kuulutsa timiyala. Kamwala kamodzi n'kokwanira kung'amba galasi.

Munthu akatsikira kuchigwa cha Nkomazi, vuto limasintha. Minda ya alimi ang'onoang'ono a nzimbe ili kutali ndi phula, ndipo kukafikako n'kudzera m'misewu yafumbi, yamiyala ndi timitsinje. Mapangano ambiri amanena kuti kuwonongeka kwa kunsi kwa galimoto, kapena kwa injini imene yamwa madzi, ndi mlandu wa wobwereka. Ena amakaniratu ngozi iliyonse yochitika pamsewu wosayenera mtundu wa galimotoyo. Choncho amene akudziwa kuti ntchito yake ili kumunda ayenera kunena zimenezi asanasaine, ndipo ngati n'kofunika atenge galimoto yokwera. Dalaivala wachiwiri alembedwenso m'pangano, chifukwa ngozi ikachitika chiwongolero chili m'manja mwa munthu wosalembedwa, chitetezo chonse chimafafanizika. N'chimodzimodzinso dalaivala akapezeka ataledzera.

Palinso za anthu ena apamsewu. Dziko la South Africa lili ndi thumba la Road Accident Fund, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, limene ndalama zake zimachokera ku msonkho wa mafuta. Thumbali limathandiza ovulala ndi mabanja a omwalira pangozi, koma sililipira galimoto, mpanda kapena ng'ombe ya munthu. Wobwereka afunse ngati pangano lake likuteteza katundu wa ena, ndiponso mpaka ndalama zingati. Ngozi ikachitika, lamulo limafuna kuti apolisi adziwitsidwe pasanathe maola 24, ndipo kampani imafuna nambala ya lipotilo.

Pachipata cha Lebombo, moyang'anizana ndi Ressano Garcia, malamulo amasinthanso. Galimoto yahayala siwoloka popanda kalata yachilolezo yochokera ku kampani, imene imapemphedwa nthawi idakalipo. Dziko la Mozambique limafuna inshuwalansi yoteteza anthu ena, yomwe imagulitsidwa pamalire pomwepo. Madalaivala a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anazolowera Yellow Card ya bungwe la COMESA, koma mayiko a Mozambique ndi South Africa sali m'bungweli, kotero khadilo silithandiza panjira imeneyi. Apolisi a ku Mozambique amafunsanso matrayango ochenjeza ndi chovala chonyezimira.

Ntchito yaikulu imachitikira pamalo oimika galimoto, ulendo usanayambe. Wobwereka azungulire galimoto pamodzi ndi wogwira ntchito wa kampani, aonetsetse kuti pokalika paliponse palembedwa, ndipo ajambule zithunzi za mbali zonse, matayala ndi geji ya mafuta. Pobweza achitenso chimodzimodzi n'kulandira pepala losainidwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mafunso a mphindi khumi pa kauntala amapulumutsa ndalama zimene zikanagulira gulu la alimi mbewu ndi feteleza.