Za Mwana Amene Zilembo Zimvuta

Aphunzitsi anzathu, ndi inu atate ndi amai a ana a sukulu, mwezi uno tifuna kukamba nanu za mwana wina amene apezeka pafupifupi m'kalasi iri yonse. Ndiye mwana wa nzeru pakulankhula, wodziwa kuyankha mafunso, wokumbukira nthano imene anaimva kamodzi kokha kwa agogo ake. Koma mukampatsa buku, lilime lake limangika. Anzake atatsiriza tsamba, iye akali pa mzere wachiwiri, chala chake chiri pa liu lomwelo. Ena amutcha waulesi, ena ati ndi mbuli, ndipo sasowa amene anong'ona kuti analodzedwa. Ife amene takhala zaka zambiri ndi ana a makalasi oyamba titi iai; vuto lake liri ndi dzina, muzu wake udziwika, ndipo thandizo lake liripo.

Dzinalo ndilo dyslexia. Dotolo wa maso wa ku Stuttgart, Rudolf Berlin, analitchukitsa m'buku lake la 1887, polemba za akulu amene kuwerenga kunawathawa chifukwa cha nthenda ya m'bongo. Koma za mwana wobadwa nalo vutoli analemba W. Pringle Morgan, dotolo wa ku Seaford m'dziko la England, m'chaka cha 1896. Anadza naye kwa iye mnyamata wa zaka 14, wochenjera pa masewera, wosachepekera anzake nzeru, amene anamphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 7, koma mau a pa pepala anamkanikabe. Ngakhale dzina lake lomwe analilemba mosinthanitsa zilembo. Manambala okha anawerenga wosavutika. Ndipo mphunzitsi wake anachita umboni kuti maphunziro akadakhala a pakamwa pokha, mnyamatayo akadapambana onse a m'sukulu mwake.

Madotolo a masiku aja anatcha vutoli khungu la mau, poyesa kuti bongo ulephera kusunga maonekedwe a mau olembedwa. Koma ofufuza a m'mbuyo mwao apeza kuti muzu wake uli makamaka pa kamvekedwe. Taganizani: kulemba ndiko kutenga mau a pakamwa, kuwaduladula tizidutswa, ndi kupatsa kachidutswa kali konse chizindikiro chake. Mwana uyu amva liu lonse lathunthu, nalizindikira bwino lomwe. Mukati "phala" athamangira mbale, mukati "pala" adziwa kuti munena za kupala moto. Koma mukamfunsa chimene chisiyanitsa mau awiriwa, kapena "kama" ndi "khama", asowa poyambira. Makutu ake amva, maso ake aona, koma kuphwanya liu ndi kumangirira kachidutswa kali konse ku chilembo chake ndiyo nchito yomlemera iye koposa anzake. Vutoli kawirikawiri liyenda m'mtundu, kotero kuti mukafunsa bwino mupeza atate kapena atsibweni amene anavutika chimodzimodzi. Odziwa ambiri ati mwa ana 100, ana 5 kufikira 10 ali nalo. Tsono kuyambira 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere m'Malawi, kalasi ya ana 100 si yachilendo ai. Werengani nokha kuti ana otere tiri nao angati.

Pali chinthu chimodzi chimene ife ophunzitsa m'Chichewa tiyenera kuchisamala koposa, ndicho chakuti chinenero chathu chibisa vutoli. Chichewa chilembedwa pafupifupi monga chimveka. Tiri ndi a, e, i, o, u, ndipo "a" wa m'liu lakuti "amai" ndi yemweyo wa m'liu lakuti "nyama". Chifukwa chake mwana wa vuto ili akalimbika, afika pa kulumikiza "ma" ndi "la" nati "mala", ndipo mphunzitsi ayesa kuti zonse ziri bwino, kungoti mwanayo ndi wochedwa. Koma Chingerezi chiribe chifundo chotere. "A" wa m'mau akuti "cat", "cake" ndi "call" amveka mitundu itatu. M'chaka cha 2001 Eraldo Paulesu ndi anzake anayerekeza anthu a vuto ili a ku Italy, France ndi England. Anapeza kuti bongo wao ugwira nchito mofanana pakuwerenga, koma a ku Italy anawerenga bwino koposa enawo, pakuti chinenero chao chilembedwa monga chimveka. Momwemonso mwana wathu ayenda motsimphina m'makalasi oyamba wosadziwika, ndipo pofika m'makalasi a pamwamba, kumene maphunziro achuluka m'Chingerezi, agwa. Mayeso a Sitandade 8, amene mapepala ake ambiri ali m'Chingerezi, ampeza atabwereza kalasi kawiri kapena katatu, kapena sampeza konse, popeza analeka sukulu kale.

Nanga timzindikira bwanji nthawi ikalipo? Tisayang'ane zolakwa zokha, koma tiyang'anenso liwiro. Mwana amene awerenga molondola, koma phatikizo limodzilimodzi ndi thukuta, nafika pa mapeto a chiganizo ataiwala chiyambi chake, ameneyo timuike pamtima. Tiyang'anenso pamene zilembo ziunjikana, monga m'mau akuti "mphunzitsi", "nkhwangwa", "ndzakazi" kapena "ng'ombe". Apo asiya chilembo china, kapena alumpha phatikizo lonse. Liu limene analiwerenga pa mzere wa pamwamba limdabwitsanso pa mzere wa pansi monga mlendo. Za kusokoneza "b" ndi "d", ndi kulemba "dala" m'malo mwa "bala", musafulumire kuweruza, pakuti ana ambiri oyamba kumene achita chomwecho nachileka okha. Chikhala chizindikiro pamene chikhalitsa pamodzi ndi zinazi. Ndipo musanatsimikize kanthu, mwanayo apite ku chipatala akamuyese maso ndi makutu, mufunsenso ngati sajomba ndiponso ngati sadza ndi njala, popeza izinso zichedwetsa kuwerenga.

Thandizo lake si mankhwala, si magalasi, si ndodo. Ndiko kuphunzitsa kwa dongosolo. Ku America dotolo Samuel Orton anayamba kufufuza ana otere m'chaka cha 1925, ndipo m'zaka za m'ma 1930 aphunzitsi awiri, Anna Gillingham ndi Bessie Stillman, analongosola njira imene igwirabe nchito m'maiko ambiri: mwana aone chilembo, amve kamvekedwe kake, achitchule ndi pakamwa, achilembe ndi dzanja, zonse nthawi imodzi. Njira iyi siifuna chuma. Mchenga wa pa bwalo ulipo. Mwana alembe "m" wamkulu ndi chala akutchula. Dongo la ku dambo liripo. Aumbe "b" ndi "d" nawagwire m'manja. Aombe m'manja pa phatikizo liri lonse, "chi-ma-nga", nawerenge kuti waomba kangati. Aike mwala umodzi pa kamvekedwe kali konse, kenaka muchotse mwala woyamba ndi kumfunsa chimene chatsala. Yambani ndi zapafupi, "ma, me, mi, mo, mu". Zikakhazikika muonjeze "mba", pambuyo pake "mpha". Musapitirire chatsopano chakale chisanakhwime, ndipo tsiku liri lonse yambani ndi kubwereza za dzulo. Mphindi 15 tsiku ndi tsiku zipindula koposa maola awiri kamodzi pa sabata. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikumbukira mtsikana wina wa Sitandade 3 amene anathandiza agogo ake kugulitsa matimati pa msika, wosaphonya chenji ngakhale kamodzi, koma m'kalasi anakhala kumbuyo, nabisa kope lake pansi pa mkono. Tinagwirizana ndi mphunzitsi mnzathu kuti adzikhala naye pansi pa mtengo anzake akamasesa, pamodzi ndi ana ena atatu, kuti asaoneke ngati wolangidwa. Miyezi yoyamba inapita wosaoneka kanthu. Chaka chisanathe anadza m'mawa wina natiuza kuti wawerengera agogo ake uthenga wa pa lamya wochokera kwa atsibweni ake ku Johannesburg, ndipo agogowo sanapitenso kwa anansi kukapempha wowawerengera. Anawerengabe mochedwa, pakuti vutoli silichoka monga chimfine. Koma kope lake anayamba kuliika poyera.

Pamene tiri kumanga kuwerenga pang'onopang'ono, nzeru za mwanayo zisagone ndi njala. Chimene sangathe kuchitenga ndi maso achitenge ndi makutu. Mnzake wa pa benchi amwerengere phunziro la zaumoyo kapena la ulimi. Mphunzitsi amfunse mafunso ena pakamwa, naone chimene adziwa. Pochonga chimangirizo chake, siyanitsani maganizo ndi kalembedwe, kuti tsamba lonse lisafiire ndi inki. Akhale kutsogolo, ndipo musafufute bolodi iye asanathe kukopera. Makamaka musamuimike modzidzimutsa kuti awerenge pamaso pa kalasi yonse. Mpatseni ndime yake dzulo lake, akonzeke. Pakuti mwana akasekedwa kawiri katatu, aphunzira phunziro lina loipa, lakuti kukhala chete kapena kuchita phokoso kuposa kuyesa. Ndipo manyazi amchotsa pa sukulu msanga koposa zilembo. Kumene kuli mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, monga aja aphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, mphunzitsi wamkulu amuitane adzaone mwanayo ndi kulangiza anzake.

Ndipo inu atate ndi amai, musanene kuti ife sitinapite ku sukulu, tingathandize chiani. Nchito yaikulu ya mwana uyu iri pa kumva, ndipo imeneyo muikhoza. Potong'ola chimanga madzulo, pikisanani naye kutchula mau oyamba monga "mbuzi": mbale, mbewa, mbatata. Mfunseni liu lomveka ngati "nyumba", ayankhe "thumba". Muuzeni nthano ndi ndagi, nayenso akufotokozereni zimene anamva ku sukulu. Mkulu wake amwerengere mokweza, chala chikutsata mau. Musamuyerekeze ndi mng'ono wake amene wampitirira, ndipo chimene achikhoza, kaya ndi masamu, kaya kuumba, kaya kusamala ziweto, muchitchule pamaso pa anthu. Mukaona kuti avutika, pitani kwa aphunzitsi ake chaka chikali chiyambire, osadikira tsiku lotsekera sukulu.

Tsono pempho lathu ndi ili. Mphunzitsi ali yense wa Sitandade 2 ndi 3 apatule masiku owerengeka mwezi uno, amve mwana ali yense akuwerenga payekha mizere itatu, nalembe maina a iwo amene achedwa koposa. Pa maina amenewo asankhe anai kapena asanu, ayambe nao mphindi 15 zija sabata lomwelo. M'mera mpoyamba. Ndipo amene mwayesa njira izi, kapena zina zimene zakuthandizani, tilembereni, kuti aphunzitsi a m'sukulu zina amve ndi kupindula nazo.