Kufuna Malimu Ochipa a Matayala a Cisanu

Pa miyezi imene inu a kumudzi muli kupalira cimanga ndi kubandira, kuno ku Montreal, m'dziko la Canada, nthaka yonse imakhala yokutidwa ndi cipale cofewa. Madzi amaundana pamseu nakhala ngati galasi. Mwezi wa Januwale kumazizira kufikira madigiri 10 pansi pa ziro, masiku ena kupitirira 20. Cifukwa ca ici mwini galimoto ayenera kukhala ndi matayala a mitundu iwiri, ena a nyengo yotentha, ena a nyengo ya cisanu. Kuno ku cigawo ca Quebec kubveka matayala a cisanu ndi lamulo la Boma. Linayamba m'caka ca 2008, ndipo kuyambira 2019 masiku ace ndi 1 Disembala kufikira 15 Marici. Wopezeka pamseu alibe matayalawo alipira madola 200 kufikira 300.

Lamuloli liri ndi nzeru. Mphira wa tayala wamba amauma kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7, ndipo munthu akaponda buleki galimoto ingotsetsereka monga icitira pa dothi la makande mvula itagwa. Tayala la cisanu liri ndi mphira wofewa ndi timing'alu tambirimbiri togwira pansi. Kumbali kwace kuli cizindikiro ca phiri la nsonga zitatu. Oyamba kupanga matayala otere anali a ku Finland m'caka ca 1934, pa fakitale imene lero dzina lace ndi Nokian.

Tsono bvuto lace ndi ili. Galimoto imabwera ndi malimu anai okha, ndiko kuti zitsulo zija zimene matayala amabvala. Munthu wopanda malimu ena apita ku galaja kawiri pa caka kuti akambvulire matayala awa ndi kumubvekera awo. Nthawi iri yonse alipira, ndipo mwezi wa Novembala mzere wa ku galaja utalika koposa wa ku cigayo; ena adikira milungu iwiri. Ndiponso milomo ya tayala imalema ndi kubvula ndi kubveka kumeneku. Koma amene ali ndi malimu ena anai abveka matayala a cisanu kamodzi kokha, ndipo nyengo ikafika angotenga jeke ndi sipanala nasintha yekha pakhomo pace. Ine nditawerenga ndalama za ku galaja ndinaona kuti pa zaka ziwiri kapena zitatu zikwana kugula malimu. Galimoto imeneyi ndiyo imene ndipitira ku nchito ndi kuperekera ana ku sukulu, motero ndinayamba kufunafuna.

Ku sitolo ya ogulitsa magalimoto atsopano anandisonyeza malimu onyezimira a aluminiyamu. Mtengo wa limodzi unali wokwanira kugula anai akale a citsulo. Ndinathokoza ndi kuturuka. Kunena zoona malimu okongolawo sayenera nyengo ya cisanu. Kuno amathira mcere m'miseu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcerewo umadya kukongola konseko. Cisanu cikamatha miseu imakumbika maenje. Limu la citsulo likagunda dzenje lipindika ndipo likhoza kuwongoledwa, koma la aluminiyamu kawirikawiri ling'aluka. Malimu a citsulo ndi akuda, osakongola. Mnzanga wina amati galimoto yobvala amenewa ioneka ngati yamasiye. Ine ndiribe nazo kanthu, pakuti m'matope a cipale ndi mcere galimoto zonse zifanana.

Ochipa apezeka kwa anthu amene amaphwasula magalimoto akufa ndi kugulitsa zitsulo zace, kapena kwa munthu amene wagulitsa galimoto yace natsala ndi magudumu m'nyumba. Pamenepa ndi pofunika maso, cifukwa limu siliri ngati mpini wakuti ukakula usema pang'ono nulowa m'khasu.

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 2010. Gudumu lace liri ndi mabowo asanu a mabawuti, ndipo mabowowo akhala pa mzere wozungulira wa mamilimita 100 kupingasa kwace. Amakaniko alemba 5x100. Bowo lalikuru la pakati ndi mamilimita 54.1. Nditafika pa malo ena ophwasulira magalimoto, mwini wace anandituritsira malimu anai abwino ndithu, nati, "Tengani awa, bambo, acoka pa Camry. Toyota ndi Toyota." Mabowo anali asanu inde, koma a Camry ndi 5x114.3, ndipo pa Corolla yanga salowa konse. Ndinamuuza. Iye anaseka, nabweretsa ena a Subaru Impreza. Amenewa ndi 5x100, ndipo alowa. Koma bowo lao la pakati ndi 56.1, lalikuru ndi mamilimita awiri, kotero kuti limu silikhala cogwira pa mutu wa citsulo ca galimoto. Likhoza kukhalira mbali imodzi, ndipo ciwongolero cinjenjemera paliwiro. Kuya kwace nakonso kusiyana. Nambala ya kuyaku imadindidwa pa malimu ambiri pambuyo pa malemba ET, ndipo ikasiyana kwambiri ndi ya galimoto yanu tayala likhula mkati kapena lituruka kunja. Ndinawakana nawonso.

Limu losalowa konse siliopsya, pakuti munthu aona yekha nalibweza. Loopsya ndi lija lolowa mokakamiza. Magalimoto ena a ku America, monga Chevrolet Impala, ali ndi 5x115. Kusiyana kwace ndi 114.3 sikukwana milimita imodzi, diso silingaone. Munthu amanga manati nayesa zatheka, koma mabawuti ali kukokedwa cammbali, ndipo tsiku lina aduka galimoto iri kuthamanga, ana ali m'kati. Manati nawonso asiyana pokhalira pace: a Honda ndi oburungira, a malimu a citsulo a Toyota ndi osongoka. Nati losayenera limamasuka lokha.

Sabata lacitatu ndinapeza mayi wina wacikulire amene Corolla yace inaonongeka pa ngozi, magudumu a cisanu natsala m'cipinda ca pansi pa nyumba. Ndinapita ndi galimoto yanga, jeke ali m'mbuyo, pakuti kuyesa kwabwino ndiko kubveka limu pa galimoto yeni yeniyo. Linakhala bwino, osakhudza buleki. Ndinagubuduza liri lonse pa simenti kuti ndione ngati liyenda mokhota. Ndinayang'ana mabowo, bowo limene latalika ngati dzira lisonyeza kuti gudumu linayenda manati ali omasuka, ndipo limu lotero ndi lotaya. Dzimbiri la pamwamba siliri kanthu, licoka ndi burashi ya waya ndi penti. Loipa ndi la m'mphepete mokhala milomo ya tayala, cifukwa pamenepo mpweya uturuka pang'ono pang'ono.

Mayiyo anafuna kuonjeza mtengo cifukwa ca matayala amene anali pa malimuwo, ati mapazi ace akali akuya. Ndinawasonyeza manambala anai otsiriza a kumbali kwa tayala, pambuyo pa malemba DOT. Awiri oyamba anena sabata, awiri otsiriza anena caka cimene tayala linapangidwa. 3512 ndiko kuti sabata la 35 la caka ca 2012. Ao anali atapitirira zaka khumi, mphira atauma ngati cikopa. "Mayi," ndinatero, "ine ndigula citsulo cokha." Anabvomera, ndipo tinapangana bwino.

Malimuwo anali a mainchesi 15, pamene anga a nyengo yotentha ndi a 16. Ici cinandikondweretsa. Tayala la 195/65R15 ndi la 205/55R16 alingana msinkhu, asiyana ndi mamilimita osakwana atatu, koma la 15 ndi lochipa, ndipo popeza ndi lopyapyala licekera bwino m'cipale.

Mwina wina afunsa kuti izi zitikhudza bwanji ife a ku dziko lotentha. Magalimoto ambiri akale amene afika kwathuko acokera ku Japan, kumene kumagwanso cipale, ndipo ena abwera atabvala matayala a cisanu. Mukaona mau akuti STUDLESS kapena cizindikiro ca phiri cija kumbali kwa tayala, dziwani kuti pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala mphira wofewayo atha msanga ndipo buleki sagwira bwino. Inunso a ngolo za ng'ombe zoyendera magudumu a galimoto, pokagula gudumu lina musangowerenga mabowo. Dindani mabawuti a ngolo yanu pa katoni, mupite nayo ku msika.

Anga ndinawabveka sabata lotsiriza la Novembala, cipale cisanagwe. Pomanga manati ndimalumpha limodzi limodzi, osatsata mzere, kuti limu likhale mowongoka, ndipo ndimatsiriza ndi sipanala yoyesa mphamvu, pa 103 monga linenera buku la galimotoyi. Nditayenda makilomita 100 ndinawapitanso onse makumi awiri, ndipo awiri a gudumu la kumbuyo anafuna kukungidwa pang'ono. Magudumu a nyengo yotentha ndinawatsuka, ndi kulemba ndi coko liri lonse mbali imene lacokera, ndi kuwasanja pa thabwa m'cipinda ca pansi kufikira mwezi wa Epulo.