Musathamangire kugula batire ina

Anzanga a kabaza, batire ikamapezeka yakufa m'mawa uliwonse, musathamangire kugula ina. Nthawi zambiri batireyo ilibe mlandu, vuto limakhala pa zomwe zimaitchaja.

Bwerekani multimeter, muiike pa DC. Njinga ili chozima, batire yabwino imaonetsa pafupifupi mavoti 12.6. Lizani injini, mukoke moto pang'ono: nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12, magetsi sakufika ku batire. Ikapitirira 15, regulator yaonongeka, ndipo ndi imeneyo ikuwiritsa batire ndi kupsereza mababu anu.

Ngati magetsi sakufika ku batire, musanamasule injini, tsatirani mawaya achikasu ochokera ku stator. Pulagi yolumikizira mawayawo imachita dzimbiri, makamaka nthawi ya dzinja, mwinanso kusungunuka kumene. Palani bwinobwino, lumikizani zolimba, muonenso fyuzi ndi waya wa earth pa felemu. Zimandiwawa kuona munthu akutaya ndalama zomwe wakhetsera thukuta padzuwa, pomwe vuto lili pa kawaya kamodzi.

Komanso chonde, musachotse waya wa batire injini ikulira poti mukuyesa ngati ikutchaja. Mukhoza kupha regulator yabwinobwino.