Pa zitunda za njinga ku Burgess Park

Ukalowera ku Old Kent Road, paki ya Burgess Park imayamba ndi nyanja yaing'ono pomwe azibambo amakhala phee ndi mbedza zawo. Ndinadutsa pamenepo n'kulowa njira yayitali yowongoka imene kale inali ngalande ya maboti, Grand Surrey Canal. Dera lonseli, kummwera kwa London, linali nyumba ndi mafakitale, ndipo paki inayamba kukula pang'onopang'ono nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ng'anjo yakale yowotchera laimu idakaimabe pakati pa udzu.

Bwalo la njinga za BMX lili cha pomwe Wells Way ikumana ndi Albany Road, ndipo linatsegulidwa mu 2013. Ndinayamba kulimva ndisanalione: geti yachitsulo kugwa kuti phwa, kenako matayala kulira. Ana asanu ndi atatu anatsika pa chitunda choyambira atavala zisoti zophimba mpaka chibwano, ena aang'ono moti chisoti chinkaoneka kuti chawakulira.

Ndinaima nthawi yaitali pa mpanda, pafupi ndi chigawo cha timitunda tondondozana. Apa mwana sapalasa. Amaimirira pa mapedulo, chishalo chili pansi penipeni, miyendo ndi mikono zitapindika. Tayala lakutsogolo likamakwera kamtunda amadzipeputsa, likangotsetsereka amakankha njinga pansi ndi thupi lonse, ndipo liwiro limachokera pamenepo. Luso lomweli ndi limene amamangira tinjira tozungulira totchedwa pump track m'mapaki a mizinda yambiri, pomwe munthu amazungulira osapalasa.

Kamtsikana kena kanali kouma thupi, njinga ikukagwedeza ngati ngolo pa msewu wa mabampu. Mphunzitsi wake sanachuluke mawu. Anangokauza kuti kafewetse mawondo ndipo kayang'ane kutsogolo, osati pa tayala. Patapita kanthawi kanadutsa timitunda tonse mosalala, n'kulowa pa kona yopendekeka yothira phula kataweramira mkati. Mayi ake, amene anali chete ndi botolo la madzi m'manja, anakuwa mpaka anthu kucheuka.

Pano ndi kwawo kwa kalabu ya Peckham BMX, imene anayambitsa Michael Pusey, wodziwika kuti CK Flash. Kye Whyte, mwana wa m'dera lomweli, anakulira m'kalabuyi ndipo mu 2021 anapata mendulo yasiliva pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo. Mkulu wake, Tre Whyte, anali atatenga kale malo achitatu pa mpikisano wa dziko lonse mu 2014.

Mamendulo ndi abwino, koma chimene chinandigwira mtima ine n'choti malo amenewa ali pakati pa nyumba zosanja za anthu wamba, pomwe mwana amatha kufika wapansi. Mu London dothi ndi lodula koopsa, ndipo khonsolo ya Southwark inachita bwino kusiyira ana gawo lalikulu chotere. Amene alibe njinga amabwereka pomwepo, chisoti chomwe.

Pochoka ndinatulukira ku Albany Road magetsi a bwalolo atayatsidwa kale. Pa geti panali gulu lina la achinyamata okulirapo, akupopa matayala ndi kukangana za amene ayambe kutsika.