Ziro amene anadya Ogasiti

Tinali atatu, tonse ophunzila kulemba mapulogilamu, ndipo nchito yathu yoyamba inali ya azimai a cilimba ku Matero. Buku lao linali litayamba kuthothoka masamba, ndiye tinawapangila kapeji ka JavaScript: ulemba dzina, mwezi ndi ndalama, iko kawonkhetsa kokha. Pa malaputopu athu kanali kuyenda bwino. Tinakaika pa kompyuta yakale ya Windows XP kunyumba kwa asungicuma, tinalandila ya sopo, n'kupita.

Kuyambila Januwale mpaka Julayi kunali zii. Kumapeto kwa Ogasiti foni inalila: "Ana inu, bwelani kuno. Makina anu akuti palibe amene wasonkha mwezi uno." Tinapeza azimai ena atayamba kale kuyang'ana asungicuma ndi diso la m'mbali, munthu amene anasunga ndalama za anzake zaka zambili osasowetsa ngakhale ngwee imodzi.

Tinagona mocedwa tsiku limenelo. Mwezi tinali kuusunga ngati malemba, "01", "02" mpaka "12", ndipo parseInt ndiyo inali kusandutsa malembawo kukhala nambala. Cimene sitinadziwe n'cakuti m'mabulauza akale, parseInt ikaona ziro kutsogolo inali kuwelenga mwa octal, kawelengedwe kamene manambala ake amathela pa 7. Kuyambila "01" mpaka "07" yankho ndi limodzi m'njila zonse ziwili, n'cifukwa cake miyezi 7 inapita popanda vuto. Koma pa "08" inali kuwelenga ziro, n'kupeza 8 amene siimudziwa, n'kuimila pomwepo. Yankho: 0. Ndalama zonse za Ogasiti zinalembedwa m'mwezi wa ziro, umene suli pa kalendala ya munthu aliyense. Seputembala nayenso akanamezedwa cimodzimodzi.

Khalidwe limeneli linacotsedwa mu ECMAScript 5, malamulo a JavaScript amene anatuluka mu 2009. Mabulauza athu anali kutsatila atsopanowo. Koma pa Windows XP, Internet Explorer imathela pa 8, imene ikali kuwelenga mwakale. Liu limodzi, parseInt, matanthauzo awili, malinga ndi msinkhu wa makina.

Kukonza kunatenga mphindi imodzi: parseInt(mwezi, 10), kuiuza poyela kuti iwelenge monga timawelengela tonse. Cimene cinavuta ndi kuimilila pamaso pa gulu n'kunena kuti, "Amai sanabe. Olakwa ndife, tinayesa pa makina athu cabe." Asungicuma sanatikalipile. Anangotulutsa buku lija lothothoka, n'kuwelenga maina a Ogasiti limodzi ndi limodzi, aliyense ndi ndalama zake.

Manje tikalemba pulogilamu, timayamba tafunsa kuti idzakhala pa makina ati, ndipo timaiyesa pomwepo, ndi miyezi yonse 12. Sitisiyilanso cinenelo kuti cizitiganizila zimene tikanalemba tokha. Kapeji kaja akali kukagwilitsa nchito, koma buku nalo sanalitaye, ndipo ife sitinawauze kuti alitaye.