Dzina la Agogo M'kalilole

Anzanga amene mudandiona ndikuchokera ku tchuthi zikhadabo zili bii, lero ndikuululireni chinsinsi. Sadali girisi wa njinga ayi, udali utoto, ndipo nkhani yake ili motere.

Agogo anga akuchikazi, Anaphiri, adatisiya zaka ziwiri zapitazo. Chaka chino abale adapangana zomanga chiliza kwathu ku Dedza, ndipo amalume adafuna kuti pa tsikulo tonse tidzavale malaya olembedwa dzina la malemuwo. Atakafunsa mtengo kwa odinda a m'tauni, adabwerako atagwira pakamwa. Apa m'pamene ine, mwana wa ku koleji, ndidadziguguda pachifuwa: "Amalume, musavutike, ndidinda ndine."

Nzeruyo ndidaitola m'buku lina m'laibulale yathuyi. Umatenga nsalu yopyapyala ya timaso ting'onoting'ono n'kuikunga pa felemu monga chikopa pa ng'oma. Kunsi kwake umamatako pepala limene waboola zilembo. Ukathira utoto pamwamba n'kuukoka ndi mphira, umadutsa pokhapo pamene waboola. Ndi njira yomweyi imene a gulu la Medu ankadindira zithunzi zotsutsa tsankho la ku South Africa ali ku Gaborone, kuyambira 1979 mpaka 1985, chaka chimene asilikali a boma latsankholo adaukira mzindawo napha mmisiri wawo, Thami Mnyele. Ndidati mumtima, ngati iwo adagwedeza nayo boma, ine angandikanike malaya 23?

Felemu adandikhomera kalipentala wa pamsika. Nsalu ndidachita kupempha katani ya pawindo la amayi, ndipo adandipatsa mtima uli kuwiri. Mphira ndidadula ku patapata wakale. Chogula chidali utoto wa nsalu wokha, wochokera ku Lilongwe. Usiku wonse ndidakhalira kuboola zilembo ndi lezala, ndipo ndidaphunzira kuti A, P ndi R zili ndi mitima imene imagwa ukapanda kuisiyira timilatho toigwira.

Kutacha, mudzi udasonkhana kudzaona zodabwitsa. Amalume, pofuna kuonetsa kuti amandikhulupirira, adatulutsa malaya awo oyera a kutchalitchi kuti akhale oyamba. Kuyesa kaye pa nyuzipepala ndidakuona ngati kudzichotsa ulemu pamaso pa anthu. Ndidathira utoto, ndidakoka mphira, n'kutukula felemu.

Kudangoti zii. Pachifuwa pa malayawo padalembedwa IRIHPANA, chilembo chilichonse chitapenya kumene sichiyenera. Pepala lija ndidalimata felemu ili chagada, likuwerengeka bwino kunsiko, osaganiza kuti ndikaitembenuza zonse zitembenuka. Komanso sindidaike katoni m'kati mwa malaya, kotero utoto udalowerera mpaka kumsana.

"Mphwanga," adatero amalume mosakweza mawu, "kodi ku koleji kwanuko mumayambira kumapeto powerenga?"

Anthu adafa nako kuseka, koma amayi sadaseke. Lidali dzina la mayi wawo. Ndithudi kuthamanga sikufika.

Madzulo ake, anthu atabalalika, ndidaboola pepala lina n'kulimata moyenera. Ndidayesa pa nyuzipepala kasanu ndisanakhudze malaya a munthu. Ntchito idatenga masiku atatu, pakuti utoto ukauma umatseka timaso ta nsalu, ndiye pafupipafupi ndinkatsuka katani ija n'kudikira kuti iume. Mlongo wanga ankasita chilichonse ndi simbi yamakala, atayala pepala pamwamba, kuti utoto ugwire usadzasuluke pochapa. Tsiku la chiliza onse adavala, ngakhale zilembo zina zidali zonenepa kuposa zinzake. Amalume adavala malaya obwereka.

Oonongeka aja sindidawataye. Ndidadulapo padzina paja n'kumata pa katoni yaikulu ngati kope, pogwiritsa phala la chinangwa. M'mbali ndidazunguliza kachidutswa ka chitenje chimene agogo ankapita nacho kumunda, ndidasokerera mikanda yawo isanu ndi iwiri, ndipo ndi makungwa ouma a nthochi ndidapanga kanyumba kawo kaudzu. Sindidaganize kuti n'chinthu choonetsa anthu. Ndinkangofuna kubisa manyazi anga penapake.

Tsiku lonyamuka ndidapeza amayi atachipachika kuchipinda kwawo, pakhoma loyang'anana ndi kalilole. Ndidati, "Amayi, chotsani icho, alendo angatiseke."

"Usandichotsere, mwanawe," adayankha. "Ndikamamanga duku m'mawa, dzina la amayi anga ndimaliwerenga bwinobwino kumbuyo kwangaku."

Ndidasuzumira m'kalilolemo, ndipo zidalidi choncho: ANAPHIRI, chilembo chilichonse m'malo mwake.

Tsono ngongole ndili nazo ziwiri, malaya a amalume ndi katani ya amayi, pakuti pawindo paja pakali chiguduli. Inu a timu ya mpira ndi a kwaya amene mukufuna malaya odinda, ndipezeni ku hositelo. Mtengo tidzamvana. Koma pobwera mutengeko nyuzipepala zakale.