Kalata kwa mphwanga, goloboyi wa ku Mponela

Wokondedwa mphwanga,

Mlongo wanga, mayi ako, wandiuza kuti chigoli chimene unamwetsedwa chija chakudyetsa mutu, moti magolovesi wawaponya kunsi kwa bedi ndipo kubwalo sukupondanso. Ndikulemba kuti ukawatole.

Mu 2010 unali ukadali kamwana. Pa 11 Januwale, ku Luanda, Flames ya Kinnah Phiri inathidzimula Algeria 3-0. Mpaka lero anthu amatchula Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, eni zigolizo, koma amene anatseka pakhomo tsikulo anali Swadick Sanudi. Patangotha sabata, ku Cabinda, Sanudi yemweyo anachotsa mpira molakwika, n'kugwera kwa Frédéric Kanouté wa Mali. Mphindi yoyamba isanathe n'komwe tinali titamwa kale, ndipo tinagonja 3-1. Munthuyo sanathawe pagolo. Anapitiriza, kenako anayamba kuphunzitsa magoloboyi anzake.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha Moacir Barbosa wa ku Brazil. Anali goloboyi waluso wa Vasco da Gama, ndipo mu 1949 anatenga chikho cha South America ndi dziko lake. Pa 16 Julaye 1950, pabwalo la Maracanã, Brazil inkangofunika kufanana mphamvu ndi Uruguay kuti itenge World Cup. Alcides Ghiggia wa Uruguay anawombera mpira kufupi ndi mtengo wa golo, unalowa, Brazil n'kugonja 2-1. Osewera anali 11, koma mlandu anausenzetsa Barbosa. Mu 1993 anamubweza pamene anafuna kukaona timu ya dziko lake ku kampu, ati abweretsa tsoka. Anamwalira mu 2000 anthu akumulozabe chala. Imeneyo inali nkhanza, ndipo m'banja mwathu sitidzakuchita zotero.

Ndikudziwa mabwalo amene ukugwerapo. Ku Madisi, ku Malomo, ngakhale pa boma pa Ntchisi, nthaka ndi youma gwa, mpira umanjanja mosadziwika, ndipo mphepo ya mu Juni yochokera kumapiri imaukhotetsa uli m'mwamba. Amene akukunyozawo sanachekeke zigongono pamiyala imeneyo.

Cholakwacho uchione bwinobwino: unatuluka mochedwa, komanso sunakuwire otchinga kumbuyo ako. Zimenezo zimakonzeka pa pulakatisi.

Loweruka ukaime pagolo. Ine ndidzakwera minibasi ya m'mawa kuti ndidzakuchemerere. Undiperekere moni kwa agogo.

Ndine malume ako okukonda.